Funsani za Malamulo: Kodi jaji angafafanize lamulo lomwe aphungu anapanga?

Mayi athu a za malamulo,

Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala ku Mponela. Mwezi watha tinali pamaliro a azakhali awo a mayi a kunyumba, ndipo usiku, amuna tili pamoto panja, nkhani zinakhotera ku ndale monga zimachitikira. Alamu anga, omwe wailesi siichoka pakhutu pawo, anati makhoti a kuno analanda dziko. Mawu awo anali akuti: "Phungu ndinamuvotera ndine, ndinaima pamzere kuyambira m'bandakucha mpaka chala chinada ndi inki. Nanga jaji anamuvotera ndani kuti azifafaniza zomwe aphungu agwirizana?" Anapereka chitsanzo cha 50+1, ija yoti pulezidenti azipambana ndi mavoti oposa theka, amvekere aphungu anaikana koma majaji anailowetsa chakuseri. Ine ndaphunzitsa ana zaka 31 kuti nthambi za boma zilipo zitatu, koma usiku umenewo ndinasowa chonena, ndinangonamizira kukasonkheza moto. Tandiuzani, mphamvu ya khoti pa malamulo a aphungu imayambira pati ndipo imalekezera pati? Alamuwo tikumananso pomanga chiliza.

Mphunzitsi wopuma, Mponela

Aphunzitsi, pepani ndi zovutazo, mzimu wa azakhali uuse mumtendere. Alamu anuwo musawapeputse. Funso lawolo maloya akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 200, ndipo pali malo amodzi pomwe ine ndikuona kuti mfundo ali nayo. Tifikapo. Koma ndiyambe ndi zomwe ndinaona ndi maso angawa.

Ine ndinagwira ntchito yomasulira m'khoti la majisitireti kwa zaka zambiri. Lolemba m'mawa linali tsiku la vakabu. Galimoto inkabwera itadzaza ndi anthu omwe anaseseredwa Lachisanu ndi Loweruka usiku: anyamata onyamula katundu mumsika, amayi a mandasi, nthawi zina mlonda amene anali paulendo wopita kuntchito. Malamba ndi zingwe za nsapato amasiyitsa polowa m'chitokosi, ndiye ankalowa m'khoti dzanja limodzi litagwira thalauza. Ntchito yanga inali kuwauza m'Chichewa zomwe ndime 184 ya Penal Code, buku la milandu ndi zilango zake, ikunena, kuti anapezeka pamalo ndi panthawi yochititsa munthu kuganiza kuti anali ndi cholinga choipa. Ndimati ndikamaliza kumasulira, munthu ankandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Tsono amayi, ndinaba chiyani?" Chomuyankha ndinalibe. Ambiri ankangovomera mlandu kuti alipe chindapusa azipita kwawo. Majisitireti naye akanatani? Lamulo linali m'buku, ndipo majisitireti mphamvu yolichotsamo alibe.

Mu 2015 wogulitsa majumbo wina wa ku Blantyre, Mayeso Gwanda, anagwidwa m'bandakucha akupita kumsika, ndipo anamutsegulira mlandu womwewu. Iyeyu sanavomere. Nkhani inapita ku Bwalo Lalikulu, ndipo pa 10 Januwale 2017 majaji atatu anagamula kuti ndime 184(1)(c) ikusemphana ndi Konsitichushoni, chifukwa inkapatsa wapolisi mpata womanga munthu pongomukayikira, n'kumulanda ufulu woyenda ndi ulemu wake. Lamulolo linabwera ndi atsamunda. Linakhala m'buku nthawi ya Kamuzu, ya Muluzi, ya Bingu, ya Joyce Banda, ndipo aphungu a nthawi zonsezo, omwe tinawavotera, sanalikhudze. Anthu ogwira thalauza aja sakhala ndi phungu wowalankhulira. Ichi ndiye chimene maloya amachitcha judicial review: khoti kuyeza lamulo kapena chochita cha boma pa Konsitichushoni.

Tsono anawapatsa mphamvu ndani? Alamu anu akatsegule Konsitichushoni pa ndime 5. Imanena kuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chosemphana ndi Konsitichushoni chilibe mphamvu, kulekezera pomwe chasemphanapo. Ndime 108 ikupatsa Bwalo Lalikulu udindo wounika zimenezi. Ndime 48 nayo ikuti mphamvu zopanga malamulo zili m'manja mwa Nyumba ya Malamulo. Zonsezi zili m'buku limodzi, ndipo bukulo linadutsa m'Nyumba ya Malamulo momwemo, mu Meyi 1994 ngati loyembekezera, kenako mu 1995 n'kukhazikika. Ndiye kuti majaji sanachite kuthyola zenera. Anachita kupatsidwa kiyi, ndipo aphungu anali pomwepo.

Chifukwa chake inu a msinkhu wathu mukuchidziwa. Pansi pa Konsitichushoni ya 1966 zomwe Nyumba ya Malamulo yanena zinkakhala zomwezo. Ndi aphungu amene mu 1971 anavomereza kuti Kamuzu akhale pulezidenti wamuyaya. Kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu kunali m'malamulo. Kulanda katundu wa munthu kunali ndi lamulo lake, Forfeiture Act. Orton ndi Vera Chirwa anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 ndi khoti la mafumu lomwe linakhazikitsidwa mwalamulo, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Zonsezo zinali ndi chidindo cha Nyumba ya Malamulo. Olemba Konsitichushoni ya 1994 anali atangotuluka kumene mu zimenezo, ndiye anaika buku pamwamba pa onse, pulezidenti, phungu ndi jaji yemwe.

Si mayiko onse amachita chimodzimodzi. Ku Britain, komwe tinatengera mawigi ndi mikanjo ija, khoti silingafafanize lamulo la Nyumba ya Malamulo. Pansi pa lamulo lawo la Human Rights Act la 1998 lingathe kungolengeza kuti lamulo lakutilakuti silikugwirizana ndi ufulu wa anthu, kukonza n'kusiyira aphungu. Ku America mphamvuyi sinalembedwe n'komwe mwachindunji. Anaikhazikitsa ndi jaji John Marshall pa mlandu wa Marbury ndi Madison mu 1803, ndipo mpaka lero amakanganirana. Ife yathu inachita kulembedwa.

Tibwere kumalire, chifukwa ndi komwe kuli funso lanu lenileni. Ine ndimakonda kunena kuti khoti ndi mayi wa lichero. Amapeta, amachotsa mankhusu ndi timiyala, koma chimanga cholowa m'licheromo salima ndiye, ndipo mbewu yodzala chaka chamawa sasankha ndiye. Komanso lichero silipita lokha kunkhokwe. Jaji sangadzuke m'mawa, n'kumva pawailesi kuti aphungu akweza msonkho, basi n'kulemba chigamulo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: pafunika munthu amene lamulolo lamukhudza abwere ndi dandaulo, mbali ya boma iyankhe, ndipo ngati nkhaniyo ndi yotanthauzira Konsitichushoni, mkulu wa majaji amaitsimikizira kuti imvedwe ndi majaji osachepera atatu. Akadapanda Gwanda kukana mlandu, ndime ija bwenzi ikadalimo.

Ndipo dandaulolo likafika, funso la jaji si lakuti lamuloli ndi lanzeru kapena lopusa. Lamulo likhoza kukhala lopweteka, lodula, losakondedwa ndi aliyense, koma ngati silikusemphana ndi Konsitichushoni, jaji amalitsatira ngakhale mumtima akung'ung'udza. Kuti feteleza wotsika mtengo alandire anthu angati, msonkho wa VAT ukhale pati, ndalama zipite kumsewu kapena kuchipatala, zimenezo ndi za boma ndi aphungu, ndipo mankhwala ake ndi chala cha inki chija. Pa 28 Juni 2024 majaji atatu anakana kufafaniza ndime za Penal Code zoletsa kugonana kwa amuna okhaokha, ndipo anati ofuna kuti zisinthe apite ku Nyumba ya Malamulo. Ena anakondwa, ena anakhumudwa kwambiri, koma onani kuti pamenepo khoti linabwezera cholembera kwa aphungu.

Nkhani yomwe imaonetsa bwino malirewa ndi ya chilango chonyonga. Kale munthu akapezeka wolakwa pa mlandu wakupha, jaji analibe chosankha, chilango chinali imfa basi, kaya munthuyo anachita kukonzekera chaka chathunthu kaya inali ndewu ya pamowa. Mu Epulo 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Bwalo Lalikulu linati kumanga jaji manja chotero n'kosemphana ndi Konsitichushoni. Silinathetse chilango cha imfa. Linangochotsa mawu okakamizawo, ndipo pambuyo pake aphungu ndiwo anakonza Penal Code kuti jaji azitha kupereka imfa kapena ndende. Akaidi oposa 100 anamvedwanso, ambiri n'kutuluka. Mpaka apa zonse zinayenda m'njira yake.

Ndiye kunabwera mlandu wa Khoviwa. Pa 28 Epulo 2021 dziko lonse linamva kuti Bwalo la Supreme lathetsa chilango cha imfa, manyuzipepala a kunja analemba, mabungwe anaomba m'manja. Mu Ogasiti chaka chomwecho majaji a bwalo lomwelo anatulutsa chigamulo chokonzedwa, ambiri mwa iwo n'kunena kuti funso limenelo silinabweretsedwe pamaso pawo ndipo iwo sanagamule zimenezo. Zinali zochititsa manyazi, tisabise. Koma chifukwa chake chikumveka: ndime 16 ya Konsitichushoni, yomwe imateteza moyo, imatchula yokha chilango cha imfa choperekedwa ndi khoti. Ine pandekha chilangochi sindichifuna, ndipo dziko lino silinanyonge munthu chiyambire 1992. Koma kusafuna kwanga, ngakhale kwa jaji, sikufufuta mawu olembedwa. Ofufuta alipo, ndi aphungu pamodzi ndi eni dziko. Ndime 197 imalola kusintha Konsitichushoni ngati magawo awiri mwa atatu a aphungu avomera, ndipo ndime 196 imati mbali zina zikuluzikulu, monga za ufulu wa anthu, zimafuna referendamu. Ndi posintha Konsitichushoni pomwe mu Febuluwale 2017 aphungu anatsekera mpata wokwatiwa mwana asanakwane zaka 18. Khoti silikanatha kuchita zimenezo, chifukwa mpatawo unali m'Konsitichushoni momwemo.

Tsopano 50+1, pomwe alamu anu aima. Ndime 80(2) inkati pulezidenti asankhidwe ndi majority ya ovota, osafotokoza kuti liwulo likutanthauza chiyani. Chitatha chisankho cha 1999, Gwanda Chakuamba anapita kukhoti, ndipo mu 2000 Bwalo la Supreme linati wopeza mavoti ambiri kuposa anzake ndiye wapambana. Tinayenda choncho. Bingu wa Mutharika mu 2004 ndi Peter Mutharika mu 2014 onse analowa ndi mavoti osafika 40 pa 100 aliwonse. Mu Disembala 2017 bilu yofuna kubweretsa 50+1 inafika m'Nyumba ya Malamulo, aphungu n'kuikana. Mu Meyi 2019 Peter Mutharika analengezedwa wopambana ndi 38.57 peresenti, Lazarus Chakwera 35.41, Saulos Chilima 20.24. Kenako pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Michael Tembo, atawerenga chigamulo kuyambira m'mawa mpaka usiku, anafafaniza chisankhocho chifukwa cha tipeksi ndi zolakwika zina, analamula china pasanathe masiku 150, ndipo anati majority ija ndi theka la mavoti kuphatikizapo imodzi. Anapatsanso aphungu masiku 21 kuti akonze malamulo a chisankho chachibwereza chochitika ngati palibe amene wapeza mavoti oposa theka.

Pamenepa ndi pomwe chingwe chinakokeka kwambiri. Mbali yofafaniza chisankho ilibe vuto, imeneyo ndi ntchito ya khoti tsiku lililonse, ndipo ku Kenya anali atachita kale mu 2017. Koma munthu woona mtima sangakane kuti chinthu chomwe aphungu anakana mu 2017 chinadzakhala lamulo mu 2020 kudzera pakamwa pa majaji. Oikira kumbuyo chigamulocho amati majaji sanalembe liwu latsopano. Liwulo linalimo kale kuyambira 1994, iwo anangonena tanthauzo lake, ndipo kutanthauzira Konsitichushoni ndi ntchito yomwe ndime 9 inawapatsa. Amatinso ngati tanthauzo loona linali limenelo, kukana kwa aphungu mu 2017 sikukanalisintha. Otsutsa amati liwu lomwe dziko layenda nalo zaka 20 ndi tanthauzo lina silisintha usiku umodzi popanda wina kulisintha, komanso Bwalo Lalikulu silimayenera kupatuka pa zomwe Bwalo la Supreme linanena mu 2000. Mfundo yachiwiriyi inatha pa 8 Meyi 2020, pomwe Bwalo la Supreme lenilenilo linagwirizana ndi majaji asanu aja n'kusiya chigamulo chake chakale.

Ine maganizo anga ndi awa. Monga womasulira ndikudziwa kuti pakati pa kumasulira ndi kuwonjezera pali kamzere kopyapyala. Mboni ikati "anandikankha", ine n'kunena m'Chingerezi liwu lotanthauza kumenya, ndasintha mlandu ngakhale ndikulumbira kuti ndangomasulira. Pa 50+1 ndikukhulupirira kuti majaji anamasulira molondola, popeza munthu amene anthu 6 mwa 10 sanamuvotere n'kovuta kunena kuti wasankhidwa ndi ambiri mwa ovota. Koma zopatsa Nyumba ya Malamulo masiku owerengeka ngati mwana wa sukulu wopatsidwa homuweki, pamenepo alamu anu akadandaula ine sindingawatsutse kwambiri.

Chomwe anthu amaiwala ndi zomwe zinatsatira, ndipo ndi zomwe zimaonetsa polekezera mphamvu ya khoti. Aphungu anakumana, mabilu a chisankho anadutsa, koma bilu yosintha Konsitichushoni inalephera kupeza magawo awiri mwa atatu aja. Palibe phungu amene anamangidwa chifukwa chovota kuti ayi. Mabilu omwe anadutsawo pulezidenti Mutharika anakana kusainira mu Malichi, ndipo ndime 73 imamulola kutero: amabweza bilu kwa Sipikala ndi zifukwa zake, aphungu amadikira masiku 21, ndipo akaivomerezanso iye amayenera kusaina. Khoti linatha kunena tanthauzo la liwu, koma silinathe kugwira dzanja la phungu aliyense kuti livote, kapena kulemba lokha kuti chibwereza chizichitika patapita masiku angati. Chisankho chinachitika pa 23 Juni 2020, ndipo amene anasankha pulezidenti tsiku limenelo sanali majaji asanu, anali anthu a pamzere ngati alamu anu. Ndiponso aphungu akanafuna kubwerera ku dongosolo lakale, khomo la ndime 196 ndi 197 linali lotsekula. Sanalowepo, m'malo mwake 50+1 ndi chibwereza anadzazilemba iwo eni m'malamulo.

Funso loti jaji anamuvotera ndani lili ndi yankho lalifupi: palibe, ndipo anachitira dala. Woimbira mpira akamasankhidwa ndi masapota, penate ingaperekedwe bwanji kwa timu ya alendo? Majaji amasankhidwa ndi pulezidenti atalangizidwa ndi Judicial Service Commission, bungwe loona za ntchito ya majaji, ndipo mkulu wa majaji amayenera kuvomerezedwa ndi aphungu. Jaji akalakwitsa pali apilo. Akachita zosayenera kapena akalephera ntchito, ndime 119 imalola aphungu kupempha pulezidenti kuti amuchotse. Mpeni umenewu nawo umatha kugwiritsidwa ntchito molakwika: mu Novembala 2001 aphungu anavota kuti majaji atatu achotsedwe, dziko linafuula, ndipo mapeto ake sanachotsedwe. Mu Juni 2020, kutatsala masiku ochepa kuti tivote, boma linalengeza kuti mkulu wa majaji Andrew Nyirenda apite kutchuthi chodikira kupuma, khoti n'kuletsa. Sindikunena kuti majaji ndi angelo. Ndagwira nawo ntchito, ndikudziwa milandu yomwe imagona zaka chigamulo osatuluka, ndipo ziletso zina zotengedwa usiku zimandidabwitsa ngati mmene zimadabwitsira inu. Pa chiliza paja, alamu anu akayambanso, afunseni kuti pa zigamulo zonsezi ndi chiti chomwe phungu wawo anayesapo kuchisintha m'Nyumba ya Malamulo, n'kuletsedwa ndi jaji.

Mayi,

Ndinamva kuti vakabu inatha, koma mwana wa mchemwali wanga anagwidwa usiku akuchokera kokagulitsa chimanga chootcha, anagona masiku atatu m'chitokosi. Ndiye chinatha n'chiyani?

Mayi wa geni ya tomato

Amayi, chomwe chinatha mu 2017 ndi kandime kamodzi, 184(1)(c), osati milandu yonse ya mtundu umenewo. Ndime zina zoyandikana nayo, monga 180, khoti silinazikhudze pa mlandu umene uja chifukwa sizinali pamaso pake. Mu 2022 Bwalo Lalikulu ku Zomba linagamulanso kuti kusesa anthu mwachisawawa, osawauza mlandu wawo, n'kosaloledwa, ndipo linapereka miyezi 24 kuti boma ndi Nyumba ya Malamulo aunikenso milandu yotereyi mu Penal Code. Kulemba ndime zatsopanozo ndi ntchito ya aphungu, osati ya jaji.

Koma za mwanayo musadikire aphungu. Ndime 42 ya Konsitichushoni imati munthu womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chomwe amamva, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa Loweruka, Lamulungu kapena pa holide. Ndiye werengani bwino kuti anagwidwa tsiku lanji ndipo anatuluka liti. Funsani pepala losonyeza mlandu womwe anamutsegulira ndi ndime yake. Ngati analipa ndalama iliyonse, pakhale lisiti la boma, ndipo dziwani kuti belo ya kupolisi ndi yaulere. Mukasonkhanitsa zimenezi pitani nazo ku ofesi ya Legal Aid Bureau kapena ya Malawi Human Rights Commission yomwe muli nayo pafupi, mutenge mwanayo ndi munthu mmodzi amene anaona akugwidwa.